Phunziro la Umisiri: Kukonza Mpata wa Pakati pa Dziwe Losambiramo ndi Khonde Lake

Malo ambiri ogona alendo a m'mphepete mwa nyanja, kuyambira ku Mangochi kudzera ku Salima mpaka ku Nkhata Bay, ali ndi maiwe osambiramo. Maiwewa amapezekanso m'mahotela a m'matauni ndi m'sukulu zina. Anthu a m'mawodi a boma lino ndi amene amawasesa, kuwathira mankhwala ndi kuwalondera usiku. Komabe ikafika ntchito yokonza, si zachilendo kuona eni malo akuitanitsa amisiri ochokera ku Lilongwe kapena ku Blantyre, n'kuwalipirira ulendo ndi pogona, chonsecho ntchitoyo ndi yoti mmisiri wa m'dera momwemo angaigwire atadziwa njira yake. Phunziro la m'kope lino likufotokoza imodzi mwa ntchito zoterozo, yomwe ndi kuchotsa zomatira zakale pampata wa pakati pa dziwe ndi khonde lolizungulira n'kuikapo zatsopano.

Ntchito ya mpatawu

Munthu akaima pambali pa dziwe lomangidwa mwaluso n'kuyang'ana pansi, amaona zigawo zitatu. Choyamba ndi mlomo wa dziwe, womwe ndi mzere wa miyala kapena njerwa zoyalidwa pamwamba pa chipupa cha dziwelo. Chachiwiri ndi khonde la konkire kapena la matailosi pomwe osambira amayendapo. Chachitatu ndi mpata wolekanitsa ziwirizi, wotambalala mamilimita a pakati pa 10 ndi 20, wodzazidwa ndi zomatira zofewa zonga labala. Mpatawu si mng'alu. Omanga amausiya dala.

Chifukwa chake n'chakuti dziwe ndi khonde sizisuntha mofanana. Dziwe lidakhazikika pansi penipeni, ndipo madzi omwe ali m'kati mwake amachititsa kuti kutentha kwa zipupa zake kusamasinthe kwambiri. Khonde ndi lopyapyala, lidangogona pamwamba pa dothi, ndipo dzuwa limaliwomba tsiku lonse. Konkire imafutukuka ikatentha ndipo imanyala ikazizira. Khonde lotalika mamita 10 limasintha utali wake ndi mamilimita pafupifupi 3 kutentha kwake kukasintha ndi madigiri 30, ndipo kusiyana kotere n'kosadabwitsa pakati pa m'bandakucha wa mwezi wa June ndi masana a mwezi wa October. Muyezowu ndi wochepa m'maso, koma mphamvu ya konkire ikamafutukuka ndi yokwanira kuswa chipupa.

Dothi nalonso limasuntha. La makande limatupa likanyowa ndipo limang'ambika likauma, choncho khonde lomangidwa pamenepo limakwera m'dzinja n'kutsika m'chilimwe. Dothi lamchenga silitupa, koma madzi akapeza njira amalikokolola n'kusiya mphako pansi pa konkire. Motero mpata umapatsa khonde danga losunthira popanda kukankha dziwe, pamene zomatira zimatseka mpatawo kuti madzi, mchenga ndi timiyala zisalowemo.

Zomwe zimachitika zomatira zikatha

Zomatira sizikhala mpaka kalekale. Dzuwa, madzi a klorini ndi mapazi a anthu zimazigugitsa, ndipo kawirikawiri zimafunika kusinthidwa pakapita zaka za pakati pa 5 ndi 10. Zikatha, madzi a mvula ndi omwe osambira amawaza amalowa pampatapo n'kukafika pansi pa khonde ndi kuseri kwa chipupa cha dziwe. Khonde limayamba kutitimira kapena kutukuka, n'kupanga chopunthwitsa pamalo pomwe ana amathamangapo opanda nsapato. Miyala ya pamlomo imagwedera, matailosi a m'mbali mwa madzi amakanganuka, ndipo zitsulo za m'kati mwa konkire zikachita dzimbiri zimatupa n'kuiswa.

Timiyala nato timawononga mwakachetechete. Usiku kukazizira mpata umatseguka pang'ono ndipo timagweramo. Masana khonde likamafutukuka limatipanikiza kuchipupa cha dziwe. Pakutha kwa nyengo zingapo, ntchito yomwe ikadafuna mapaketi ochepa a zomatira imasanduka yophwasula khonde ndi kumanganso mlomo. Dziwe limatsekedwa kwa milungu, alendo amapita kwina, ndipo oyamba kuuzidwa kuti ayambe akhala kunyumba ndi antchito a m'midzi yozungulira.

Zizindikiro zoyenera kuziyang'ana

Wosamalira dziwe ayenera kuzungulira mpata wonse kawiri pachaka, mvula isadayambe komanso itangotha. Zomatira zamoyo zikadinidwa ndi kamtengo kosasongoka zimalowa n'kubwereranso. Zomwe zatha zimauma ngati chikopa, zimang'ambika pakati, zimafumbutuka, kapena zimalekana ndi konkire mbali imodzi moti mpeni umatha kulowa. Udzu womera pampata ndi mzere wa nyerere zotulutsa dothi zimasonyezanso kuti pansipo patseguka. Ngati malo owonongeka ndi amodzi kapena awiri aafupi, n'kotheka kudula pomwepo n'kukonza. Ngati ali ponseponse, mpata wonse usinthidwe.

Pali zolakwika ziwiri zofala. Choyamba ndi kutseka mpata ndi matope a simenti. Ntchitoyo imaoneka yaudongo tsiku loyamba, koma imalumikiza khonde ndi dziwe, ndipo kutentha kukafika china mwa ziwirizo chimasweka. Chachiwiri ndi kupaka zomatira zatsopano pamwamba pa zakale. Apa mpomwe akuluakulu amati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, pakuti zatsopanozo zimagwira pa zinthu zomwe zalekana kale ndi konkire.

Kusankha zomatira

M'masitolo a zipangizo zomangira, zomatirazi zimalembedwa kuti sealant, ngakhale amisiri ambiri amangozitcha zonse silikoni. Mitundu yoyenera pantchitoyi ndi polyurethane ndi polysulfide. Polyurethane imagwira bwino pakonkire ndipo imabwera yosakaniza kale. Polysulfide imapirira kwambiri madzi, ndipo nthawi zambiri imabwera m'zigawo ziwiri zomwe zimasakanizidwa pomwepo. Zikasakanizidwa nthawi yogwirira ntchito imakhala yochepa, choncho mpata uyenera kukhala wokonzeka kale. Silikoni wamba wa m'mawindo, uja amanunkha ngati viniga, sayenera pano chifukwa asidi wake sagwirizana ndi konkire.

Wogula awerenge zinthu zinayi pa chikuto. Aone ngati zomatirazo zidapangidwira mipata yosuntha ya pansi pomwe anthu amapondapo, ngati zimatanuka ndi magawo 25 pa 100 alionse a kutambalala kwa mpata, ngati zimapirira dzuwa ndi madzi a klorini, ndiponso tsiku lomwe zidzathe mphamvu. Zomatira zomwe zakhalitsa m'sitolo zimauma m'paketi momwemo kapena zimakana kuuma zikapakidwa.

Palinso kusiyana kwa kayendedwe. Zina n'zamadzimadzi ndipo zimadzisalaza zokha zikathiridwa. Izi n'zabwino pamalo athyathyathya, koma zimathawira m'kabowo kalikonse komwe katsala pansi. Zina n'zolimbirako ngati phala lokhuthala ndipo zimafuna kusalazidwa ndi dzanja. Izi ndi zoyenera pamasitepe ndi pamalo otsetsereka.

Kuyeza ndi kuwerengera

Mpata sudzazidwa ndi zomatira kuyambira pansi. Lamulo lodziwika n'lakuti kuya kwa zomatira kukhale theka la kutambalala kwa mpata, koma kusachepere mamilimita 6. Mpata wa mamilimita 12 umafuna kuya kwa mamilimita 6, ndipo wa mamilimita 20 umafuna kuya kwa mamilimita 10. Zomatira zokhuthala kwambiri sizitanuka bwino, ndipo khonde likasuntha zimazuka m'mbali.

Chomwe chimasunga muyezowu ndi chingwe cha siponji yosamwa madzi, chomwe m'masitolo chimatchedwa backer rod. Chingwechi chikhale chachikulu kuposa mpata ndi gawo limodzi mwa magawo anayi kuti chigwire chokha. Mpata wa mamilimita 12 umafuna chingwe cha mamilimita 15 kapena 16, ndipo wa mamilimita 20 umafuna cha 25. Ntchito yake ina ndi kuletsa zomatira kugwira pansi. Zomatira ziyenera kugwira mbali ziwiri zokha, kukhonde ndi kumlomo wa dziwe, kuti zizikokeka ngati legeni. Zikagwiranso pansi zimang'ambika.

Kuchuluka kwa zomatira kumapezeka pochulukitsa kutambalala ndi kuya m'mamilimita, ndipo yankho lake ndi mamililita ofunika pa mita imodzi. Mpata wa 12 ndi 6 umafuna mamililita 72 pa mita. Dziwe la mamita 10 m'litali ndi 5 m'lifupi, lokhala ndi mlomo wotambalala masentimita 30, lili ndi mpata wotalika mamita 32.4, chifukwa mpatawo umazungulira kunja kwa mlomo. Zomatira zofunika ndi mamililita pafupifupi 2,330. Powonjezera gawo limodzi mwa magawo 10 la zotayika, zimakwana pafupifupi 2,570, omwe ndi mapaketi 5 a mamililita 600 kapena machubu 9 a mamililita 300. Mpata womwewo utadzazidwa mpaka kuya kwa mamilimita 25 popanda chingwe, ungadye mapaketi 17, ndipo ntchito yake ingakhale yosalimba.

Nthawi yoyenera

Mdani wamkulu wa ntchitoyi ndi chinyezi. Miyezi ya May mpaka August ndi yabwino chifukwa mvula imakhala itatha ndipo kutentha kwa October kusadafike. Dziwe litsekedwe kwa masiku angapo ntchito isadayambe kuti madzi asawazikire pampata. Pofuna kudziwa ngati konkire yauma, mmisiri amate pepala la pulasitiki pamalopo ndi tepi mbali zonse n'kulisiya usiku wonse. Ngati m'mawa pansi pake pali timadontho kapena konkire yada, ntchito idikire. Konkire yatsopano imafuna masiku 28 isadapakidwe zomatira.

Masana dzuwa lili paliwombo si nthawi yopaka. Pa nthawiyo mpata umakhala utapanikizika, ndipo konkire ikamatentha imatulutsa mpweya womwe umatupitsa zomatira ngati matuza. Nthawi yabwino ndi chakumadzulo, kutentha kukayamba kutsika. M'madera a kunyanja miyezi yomweyi ndi ya mphepo ya mwera, yomwe imaulutsa mchenga ndi masamba, choncho ndi bwino kusankha tsiku labata.

Ndondomeko ya ntchito

1. Kuteteza dziwe. Pampu izimitsidwe, ndipo m'mphepete mwa madzi muyalidwe lona kapena pulasitiki kuti zinyalala zisagweremo.

2. Kuchotsa zakale. Mmisiri adule ndi mpeni wakuthwa mbali zonse ziwiri, motsatira konkire, kenako akoke zomatira ngati lamba. Chingwe chakale, timiyala, mizu ndi matope a simenti zichotsedwe ndi chizulo, mosamala kuti miyala ya pamlomo isabenthuke.

3. Kupala m'mbali. Zotsalira zonse zichotsedwe ndi bulashi yawaya kapena gilayinda mpaka konkire yeniyeni ioneke. Apa mpomwe pagona kulimba kwa ntchito yonse. Ngati zakalezo zidali silikoni, pasatsale ngakhale kachidutswa, chifukwa zatsopano sizigwira pa silikoni.

4. Kuchotsa fumbi. Mpata usesedwe ndi kupemereredwa mpaka chala chikapukuta m'mbali chituluke choyera. Ukatsukidwa ndi madzi, kudikira kuti uume kumayambiranso.

5. Kukonza mobenthuka. M'mbali momwe konkire yasweka mukonzedwe ndipo muume kaye. Ngati mpata ndi wakuya kwambiri, pansi pake pathiridwe mchenga wosefa wouma mpaka patsale malo a chingwe ndi zomatira. Nyuzipepala, masaka ndi timitengo siziyenera kulowamo chifukwa zimamwa madzi n'kuvunda.

6. Kumata tepi. Tepi yapepala imatidwe mbali zonse ziwiri za mpata kuti mzere udzatuluke wowongoka ndi kuti miyala isade.

7. Kuika chingwe. Chilowetsedwe ndi kathabwa kosasongoka komwe kadulidwa pa muyezo wa kuya kofunika, kuti kuyako kufanane ponseponse. Chisabooledwe ndipo chisakokedwe, pakuti chokokedwa chimabwerera n'kusiya mipata. Polumikiza zingwe ziwiri ndi m'makona mukhale mothina.

8. Kupaka pulaima. Ngati opanga zomatira alamula pulaima, ipakidwe m'mbali mwa mpata ndi kabulashi, ndipo nthawi yodikira yomwe yalembedwa itsatidwe. Ena amalangiza kupaka pulaima chingwe chisadalowe, choncho chikuto ndicho chiweruze.

9. Kuthira zomatira. Kamwa ya chubu idulidwe molingana ndi mpata. Mmisiri afinye mfuti yake mosadukiza, kamwayo ili m'kati mwa mpata, kuti zomatira zidzaze kuyambira pachingwe kukwera m'mwamba popanda kutsekera mpweya. Ndi bwino kumaliza mamita awiri kapena atatu asadapitirire.

10. Kusalaza. Zomatira zolimbirako zisindikizidwe ndi kachitsulo kosalala kapena kumsana kwa supuni kuti zigwire m'mbali. Pamwamba pake pafanane ndi khonde kapena patsikireko pang'ono. Sipiriti asagwiritsidwe ntchito posalaza polyurethane chifukwa amailepheretsa kuuma.

11. Kuchotsa tepi. Ichotsedwe nthawi yomweyo zomatira zikadali zofewa. Amisiri ena amawaza mchenga wosefa wouma pamwamba kuti mzere ufanane ndi khonde ndi kuti usamamate mapazi.

12. Kudikira. Malowo atchingidwe. Mitundu yambiri imalola kupondapo pakapita tsiku limodzi kapena awiri, koma kuuma kwathunthu kumatenga masiku angapo, mwina mpaka sabata. Dziwe lisatsegulidwe nthawi yolembedwa pa chikuto isadakwane, ngakhale alendo atafika.

Chitetezo pantchito

Fumbi la konkire lotuluka pa gilayinda limawononga mapapo, choncho wodula avale masiki yothina bwino ndi magalasi otetezera maso. Zomatira ndi pulaima zimayabwa pakhungu ndipo zina zimagwira moto, motero magolovesi ndi ofunika ndipo fodya asasutidwe pafupi. Nthambo zamagetsi zisakhale ndi zilonda, zisagone pamalo onyowa, ndipo polumikizira pake pakhale kutali ndi madzi. Ana asaloledwe kufika pamalopo, chifukwa dziwe lotsekedwa limakhala lopanda woyang'anira osambira. Lamulo loona za chitetezo, umoyo ndi chisamaliro cha anthu pantchito la chaka cha 1997 limapereka kwa olemba ntchito udindo woteteza antchito awo. Zomatira zakale, machubu ndi tepi zisonkhanitsidwe m'thumba n'kukatayidwa pamalo ovomerezeka. Zisawotchedwe ndipo zisaponyedwe m'nyanja kapena mumtsinje, pakuti lamulo losamalira chilengedwe la chaka cha 2017 limaletsa kuipitsa madzi ndi nthaka.

Pomwe zomatira sizingathandize

Mmisiri wokhulupirika amadziwa malire a ntchitoyi. Ngati khonde latitimira kapena latukuka kwambiri, ngati likumveka mphako likagogodedwa, kapena ngati chipupa cha dziwe chang'ambika, vuto lili pansi ndipo mwini malo auzidwe zoona ntchito isadayambe. Pamenepo pafunika injiniya. Khonde liyeneranso kutsetserekera kunja kuti madzi asamadekhe pampata.

Mpatawu uli pamwamba pa madzi, choncho dziwe likamaphwa msanga gwero lake limakhala kwina. Njira yosavuta yodziwira ndi kuika ndowa ya madzi pa sitepe ya dziwe, madzi a m'ndowa afanane msinkhu ndi a m'dziwe, n'kuika zizindikiro. Pakatha maola 24, ngati onse atsika mofanana, ndi dzuwa ndi mphepo zomwe zawauluza. Ngati a m'dziwe atsika kwambiri, pali podontha m'mapaipi kapena m'zipupa.

Phindu la lusoli m'mawodi

Nzeru yomweyi imagwira ntchito paliponse pomwe konkire ziwiri zakumana ndipo zikufunika kusuntha, monga pakati pa khonde ndi chipupa cha nyumba, m'ngalande za konkire za ulimi wamthirira ndi mozungulira matanki a madzi. Pomwe zomatira zidzakhudzane ndi madzi akumwa, pagwiritsidwe ntchito zokhazo zomwe zalembedwa kuti n'zololedwa pa madzi akumwa.

Achinyamata omwe adaphunzira zomangamanga kudzera ku TEVETA kapena m'makoleji a ntchito zamanja a m'madera ali kale ndi maziko a ntchitoyi. Wofuna kuiyamba ayeserere kaye pa mita imodzi, adikire kuti ziume, kenako adule n'kukoka. Zomatira zikatanuka osazuka m'mbali, ndiye kuti kakonzedwe ka mpata kali bwino. Polemba mtengo, aonetse utali wa mpata, muyezo wake, mtundu wa zomatira, chiwerengero cha mapaketi ndi masiku omwe dziwe likhale lotseka. Mwini malo akaona masamu otere sakhala ndi chifukwa choyang'ana kutali. Makomiti a chitukuko a VDC ndi ADC angathandize polemba maina a amisiri a m'madera awo n'kuwadziwitsa kwa eni malo ogona alendo, ndipo ofuna uphungu pa zomangamanga angafike ku ofesi ya ntchito za zomangamanga kukhonsolo. Mvula imayamba chakumapeto kwa chaka, ndipo mpata womwe sudakonzedwe pofika nthawiyo udzamwa madzi dzinja lonse.

Mafunso okambirana m'magulu

1. N'chifukwa chiyani matope a simenti sayenera kuikidwa pampata wa pakati pa dziwe ndi khonde?

2. Kodi mpata wotambalala mamilimita 20 ndi wotalika mamita 40 ungafune mapaketi angati a mamililita 600?

3. Ndi zizindikiro ziti zomwe zimasonyeza kuti ntchito yafunika injiniya osati zomatira zokha?

4. Ndi zomangamanga ziti m'wodi muno zomwe zili ndi mipata yofunika kuyendera mvula isadayambe, ndipo udindo woziyendera ndi wa yani?